Mtima wa Moto

"Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto." Mwambi umenewu ndinaumva koyamba ndili kabuthu, titazungulira mafuwa kukhitchini kwa anganga, kwa Kuntumanji, mondokwa ali pamakala. Achimwene ankangoti mbali ina ikafiira, atonola maso awiri atatu n'kuponya m'kamwa, uku akuuzira zala. Ine ndinkadikira kuti wanga apse bwino mbali zonse, ndimudye ngati munthu waulemu. Chikuni chinathetheka, lawi linabuka, ndipo pomwe ndinkamulanditsa, mondokwa wanga anali atasanduka khala. Anganga anaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kuponya mwambiwo. Ndinagona ndi njala ya mondokwa, ndili ndi phunziro limene ndinaliyesa lathunthu: chikapsa idya, usazengereze.

Panapita zaka ndisanazindikire kuti ndinangomva theka. Mwambiwo umanenanso kuti moto uli ndi mtima. Chinthu chokhala ndi mtima, munthu wodekha angathe kuzolowerana nacho, ngakhale sangachidziwe mpaka pansi. Ndipo kwathu kuno amene akhala nthawi yaitali pafupi ndi mtima wa moto ndi amayi ofulula.

Kwa Kuntumanji dzuwa limatuluka m'nyanja ya Chilwa n'kukalowa kuseri kwa phiri la Zomba. Pakati pa ziwirizi pali chigwa cha mpunga, ndipo chaka chathu chili ndi nkhope ziwiri. Mu Juni ndi Julayi mwera umawomba pamwamba pa madzi ndi njedza, asodzi n'kumatuluka m'zimbowera m'mamawa milomo itauma gwa, zala zikukanika kumasula chingwe cha bwato. Mu Okutobala nthaka imang'aluka, mchenga umawotcha mapazi, nkhuku n'kumangoyasama pansi pa nkhokwe. Munthu yemweyo amene mu Juni amapempha chofunda kukhosi, mu Okutobala amalira chozizira. Mayi wa pakhomo amayenera kumuyankha nthawi zonse ziwiri kuchokera mu mbiya imodzi.

Thobwa limayamba ndi chimera. Anganga ankaviika mawere m'madzi, n'kuwavundikira ndi masamba a nthochi pamalo amdima mpaka timizu toyera titatuluka, kenako n'kuyanika padzuwa n'kusinja. Mbewu ikamamera imatulutsa mphamvu yosungunula ufa wake womwe kuti usanduke shuga wodyetsa mphukira. Wofulula amabwereka mphamvu imeneyo. Amaimitsa kumerako ndi dzuwa, mphamvu ija n'kugona mu ufa wa chimera kudikira tsiku lake. Ndiye amaphika phala lalikulu la mgaiwa mu nkhali n'kuliphula. Nkhani yonse yagona apa. Ukathira chimera phala likadabwadamuka, mphamvu ija imafa. Ukachedwa mpaka lizizire, imangogona tulo, ndipo phala limasasa lisanatsekemere. Pakati pake pali kanthawi kakafupi, ndipo anganga ankakapeza ndi chala chimodzi, chija makolo anachitcha chamkombaphala.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8 kunali chinkhoswe kwa amalume. Anganga anaphula nkhali, n'kundisiyira lichero la chimera kuti ndidikire, iwo akukatunga madzi. Kubwalo anzanga anali atayamba kale fulaye, akundiitana ndi dzina. Ndinayang'ana nkhali, ndinayang'ana kubwalo, ndipo ndinakhuthula chimera chonse nthunzi ikadali tolotolo, n'kutakasa kawiri katatu, ulendo. M'mawa mwake phala linali lidakali pholi ngati nsima yogona, lopanda kutsekemera ngakhale pang'ono. Chimera cha sabata yathunthu chinapita pachabe.

Anganga sanandikalipire. Anakabwereka chimera kwa anzawo, n'kuphikanso. Ataphula anandiitana.

"Iwe, tabwera kuno. Samba m'manja, upise chala."

Ndinapisa n'kuchithawitsa.

"Waona? Chala chikathawa chokha, sipanafike. Chikakhala osamva kanthu, wachedwa. Chizimva kutentha koma chizipirira. Khala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ine ndi kamwa langa lachibwana ndinati, "Koma anganga, si inu nomwe munati papsa tonola?"

"Eya, ndine. Nanga papsapo ungapadziwe bwanji usanakhale pansi n'kuuyang'ana motowo?"

Achimwene aja otonola msanga anakula n'kukhala mlangizi wa ulimi wothirira. Chaka china anawatumiza ku Japan, mumzinda wa Tsukuba, kukaphunzira za mpunga kwa miyezi ingapo. Dzina la Japan silinali lachilendo kwenikweni kwathu, poti achinyamata awo ogwira ntchito mongodzipereka anayamba kubwera m'dziko muno mu 1971, ndipo sikimu ya mpunga ya ku Bwanje inamangidwa ndi thandizo lawo. Koma zoti anthu amenewa amafulula mpunga, ife sitinkadziwa. Mpunga kwathu ndi wa Khirisimasi ndi Idi, wa alendo, wa fizi ya ana. Achimwene anabwerera mu Juni, titangomaliza kumweta ndi kupuntha, ndipo m'chikwama mwawo, atakulunga ndi juzi, munali botolo lobiriwira la mamililita 720. Anati ameneyu ndi sake. M'chilankhulo chawo mawuwa amatanthauza mowa uliwonse, ndipo wampungayu eni ake amamutchula kuti nihonshu, mowa wa ku Japan.

Anganga, amene pa utsikana wawo anafululapo masese a madima ambiri, anafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: chimera chake n'chotani? Achimwene anayankha kuti chimera palibe. Mpunga wofululira amaupala ndi makina mpaka kanjere kachepa, chifukwa kunja kwa njere kuli mafuta ndi zina zimene zimadetsa kakomedwe. Pa sake wotchedwa ginjo amasiya magawo 60 pa 100 a njere kapena kucheperapo, pa daiginjo theka kapena kucheperapo. Anganga anagwira pakamwa. Ife amene timakangana kuchigayo chifukwa cha Faya ndi Kilombero wosweka, tinkamva za anthu opala theka la mpunga mwadala. Koma njere yopalidwa chotero singamere, choncho mphamvu yosungunula ufa amakaitenga kwina, kwa chuku. Chija ife timati chikagwira nsima timataya, iwo ali ndi mtundu wake wabwino umene amauweta, dzina lake koji. Amaphika mpunga ndi nthunzi yokha, n'kuuyala m'chipinda chofunda cha madigiri pafupifupi 30, n'kuwaza mbewu ya chukucho. Kwa masiku awiri anthu amadzuka usiku kukautembenuza ndi manja, kuti usatenthe kwambiri kapena kuzizidwa.

"Ndiye kuti akulera khanda," anatero anganga.

Ofulula akachoka m'chipinda chofundacho amalowa m'chisanu. Mwambo wake ndi kufulula m'nyengo yozizira, kuti mowa uwire pang'onopang'ono. Mpunga, madzi ndi koji amazithira m'thanki katatu pa masiku anayi, ndipo zimawira kwa milungu itatu, inayi kapena kuposerapo. M'thanki imodzimodziyo koji akutulutsa shuga, yisiti akumudya nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake mowawu umakwera mphamvu kufika pafupi magawo 20 pa 100 popanda kutchezedwa, asanauthire madzi kuti utsikire pa 15 kapena 16. Mkulu woyang'anira zonsezi amatchedwa toji. Madera otchuka ndi Nada ku Kobe, Fushimi ku Kyoto, ndi Niigata kumene kumagwa chipale chofewa chambiri. Luso limeneli bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu Disembala 2024. Ine ndikamaganiza za toji ndimaona nkhalamba yoweramira thanki m'bandakucha, ikumvetsera kulira kwa thovu, monga momwe anganga ankaikira khutu pa mbiya ya masese kuti amve ngati apsa.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chakuti anthu amenewa kutentha anakupatsa mayina. Sake yemweyo angathe kumwedwa wozizira kapena wofunda, ndipo sitepe iliyonse, motalikirana madigiri asanu, ili ndi dzina lake. Pa madigiri 5 amati kuzizira kwa chipale, yukihie. Pa 10 amati kuzizira kwa maluwa, hanahie. Ukakwera kufika pa 30 ndi hinatakan, kufunda kwa pamalo powomba dzuwa. Pa 35 ndi hitohadakan, kufunda kwa khungu la munthu. Pa 40 ndi nurukan, wofunda bwino, ndipo pa 50 ndi atsukan, wotentha ndithu, wa usiku wachisanu. Ife tili ndi mawu ochepa, kutentha, kufunda, kuzizira, ndipo zotsalazo tinazisunga m'chala. Iwo zomwezo anazitulutsa m'chala n'kuziika palilime.

Usiku umene tinatsegula botolo lija mwera unali utakwiya. Achimwene anathira gawo la sake m'botolo la Fanta lotsuka bwino, poti kabotolo kadothi kamene eni ake amatenthetsera, tokkuri, tinalibe. Anatereka madzi pambaula, atatentha n'kuwaphula, kenako n'kuimika botolo lija m'kati mwa poto. Anati sake saonana ndi moto maso ndi maso. Amafunda kudzera m'madzi, chifukwa ukamupsereza fungo limathawa, ndipo mphamvu ya mowa imauluka msanga kuposa madzi, pa madigiri 78 yawira kale. Iwo ankayang'ana wotchi ya pafoni. Anganga anangotambasula dzanja, n'kutulutsa botolo, n'kuligwira kunsi ndi chikhatho, n'kulibwezera. Patapita kanthawi analigwiranso, n'kuligunditsa patsaya.

"Wafika uyu. Ali ngati madzi osambitsira khanda."

Achimwene anaseka n'kunena kuti ku Japan kumene akuluakulu amayesanso chimodzimodzi, pogwira kunsi kwa kabotolo. Nkhalamba imene sinapitepo kupyola Blantyre inali itapeza kufunda kwa khungu la munthu popanda wowauza dzina lake.

Tinathira m'makapu a tiyi, pang'ono chabe, pansi pa kapu. Mowa wake unali woyera ngati madzi a pachitsime, koma nthunzi yake inanunkhira mpunga wongophula kumene. M'kamwa unali wofewa, wotsekemera patali, ndipo unatsika pakhosi mwaulemu n'kukayala mphasa m'chifuwa. Tinali ndi matemba okazinga ndi mchere, ndipo ziwirizi zinagwirizana ngati zinakulira mudzi umodzi. Mwina n'chifukwa choti onse awiri, Japan ndi Chilwa, ndi kwawo kwa mpunga ndi nsomba.

Wotsalayo achimwene anamukulunga ndi chiguduli chonyowa n'kumuimika mu mtsuko wa madzi akumwa, pakona pamdima. Masana a tsiku lotsatira, mwera utaleka, dzuwa likuwomba pakhonde, tinalawanso. Ndikanapanda kuona botolo ndi maso anga ndikanakana kuti ndi mowa womwe uja. Tsopano unali wowongoka, wakuthwa pang'ono, kafungo kake konga ka chipatso chosapsetsa. Kutsekemera kwa dzulo kunali kutabisala.

Ndinafunsa achimwene kuti weniweni ndi uti, wa usiku kapena wa masana. Anati funso limenelo ngakhale eni ake amakangana nalo. Kufunda kumatsegula kutsekemera ndi kukoma kwa mpunga, choncho kumayenera sake wonenepa, wathupi. Kuzizira kumasunga fungo, choncho ginjo, amene ulemerero wake uli m'fungo, kawirikawiri amamwedwa wozizira, ndipo kutchuka kwake cha m'ma 1980 kunachititsa ambiri kuyamba kuona ngati wofunda ndi wa nkhalamba. Koma zonse ziwiri zingathenso kubisa. Mowa wachabechabe ukautenthetsa kwambiri, ukali wake umaphimba zolakwa zake. Ukauziziritsa kwambiri, lilime limachita dzanzi osamva kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaonapo anthu otero: wina amakulandira ndi chisangalalo chowotcha kuti usaone kuti m'nyumba mulibe mtendere, wina amadziziziritsa ndi ulemu wambiri kuti usamufike pamtima. Munthu, ngati mowa, amadziwika bwino pa kutentha kwapakati, pamene chala chikumva koma chikupirira.

Tili pakhondepo panadutsa bambo wina woyandikana nafe, Msilamu, akuchokera kumunda. Achimwene anabisa botolo mwaulemu, ndipo anganga anawatungira thobwa la dzulo mu chipanda. Thobwa la tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi la aliyense, la shehe, la mbusa, la mwana wa sukulu. Likagona masiku ena pamalo ofunda limayamba kuluma lilime, n'kuwoloka malire amene bambo aja sangawoloke. Malire a chakumwa cha onse ndi chakumwa cha ena amalembedwa ndi nthawi ndi kutentha basi, ndipo mayi wa pakhomo ndi amene amawalondera. Achimwene anati nakonso ku Japan kuli thobwa lawo, amazake, la mpunga ndi koji, lotsekemera, mowa mulibe kapena ulimo wochepa kwambiri. Pa chaka chatsopano, m'chisanu, amaligawa lotentha kumalo awo opembedzera, ndipo kale linkagulitsidwanso m'misewu nthawi yotentha kuti libwezere anthu mphamvu. Ifenso timatero. Lofunda, longophula kumene, limapita kwa mayi woyamwitsa ndi kwa wodwala. Lozizira la mu mtsuko limapita kumunda mu Okutobala, ndipo masiku ano limagulitsidwa m'mabotolo apulasitiki m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi Liwonde.

Pali mwambo wina wa ku Japan umene achimwene anaumirira usiku uja. Munthu sadzithirira yekha. Umayang'ana kapu ya mnzako, ikatsika umamuthirira, iye atainyamula ndi manja awiri, kenako iye n'kukuthirira iwe. Timakapu tawo, ochoko, n'tating'ono dala, kuti kuthirirana kuchuluke komanso kuti mowa usazizire m'kapu. Anganga anati zimenezo si zachilendo. Pa dima chipanda chinali chimodzi, mwini mowa ankayamba walawa yekha pamaso pa onse, kenako chinkayenda kuyambira kwa akulu. Aliyense ankaona mmene mnzake wamwera. Munthu akayamba kulemera lilime, chipanda chinkamudumpha mwakachetechete. Ndipo mowa usanafike pakamwa pa amoyo, woyamba unkathiridwa pansi kwa makolo, monga momwe a ku Japan amaperekera sake kwa mizimu yawo asanamwe.

Ndikaona zimene zikuchitika m'madoko a Chilwa masiku ano ndimakumbukira chipanda chija. Kachasu naye ndi mwana wa moto ndi madzi ozizira. Madeya ndi shuga zimawira mu mbiya, nthunzi imadutsa mu mpope womizidwa m'madzi ozizira, n'kudontha dontho limodzilimodzi. Wotcheza waluso amadziwa kuti moto ukakula mowa umanunkha chipsereza, ndipo madzi akafunda nthunzi imathawa. Luso lilipo ndithu. Chimene chasowa ndi dzanja lachiwiri. Mnyamata amatsika m'bwato atagulitsa matemba, n'kugula botolo la mutu, n'kukakhala kuseri kwa chisakasa yekha, wothira ndi iye, womwa ndi iye, wonena kuti basi palibe. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma lamulo silingakhale pamphasa n'kumayang'ana kapu ya munthu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Komabe sindifulumira kuwaweruza anyamatawa, chifukwa anakulira m'mbali mwa nyanja imene imaphunzitsa theka loyamba la mwambi uja mwankhanza. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo moyo wake uli m'manja mwa mvula ndi dzuwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atagona pa dothi long'aluka pamene kale ankayandama popita ku Chisi. Kenako mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabweretsa madzi oposa amene tinapempha. Munthu wokhala pamalo otere amaphunzira kuti nsomba ikapezeka gwira, ndalama ikabwera idya, mawa sadziwika. Papsa tonola. Koma nyanja yomweyo imaphunzitsanso theka linalo kwa amene akhala nayo nthawi yaitali. Nkhalamba zimene zinaona 1968 sizinagulitse maukonde mu 1995. Zinkadziwa kuti milamba ndi matemba zimabisala m'maiwe a mitsinje yotsika kuphiri, ndipo madzi akabwerera zimaswana mofulumira. Mtima wa nyanja sankaudziwa, koma anali atakhala pansi n'kuiyang'ana kokwanira moti ankadziwa nthawi yodikira ndi nthawi yoponya khoka.

Achimwene anandiuzanso kuti pakhomo pa nyumba zofululira sake amapachika mpira waukulu wa masamba a mtengo wonga mkungudza. Amaupachika uli wobiriwira mowa watsopano ukangotuluka, ndipo ukamafota n'kusanduka wofiirira, odutsa amadziwa kuti mowa uja wakhwima. Palibe wolemba tsiku pakhoma. Masamba ndi amene amanena. Anganga anamvetsera n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti anthu amenewo akanabwera kuno sakanavutika kuwaphunzitsa thobwa.

Anganga anatisiya dzinja lapitalo. Pa tsiku la maliro amayi a m'mudzi anatereka nkhali zitatu za thobwa la anthu obwera kudzakhuza, ndipo ataphula anayang'anana, chifukwa kwa zaka zonsezi wonena kuti pafika anali mmodzi. Kenako onse anayang'ana ine. Ndinasamba m'manja n'kupisa chala mu nkhali yoyamba, ndipo chinathawa chokha. Panali mwana wa achimwene, kabuthu ka zaka khumi, atanyamula lichero la chimera, maso ali kubwalo kumene anzake ankasewera. Anati, "Azakhali, ndithire?" Ndinamuuza kuti aike lichero pansi, akasambe m'manja, abwere adzakhale pafupi nane.